Amene sanagule zovala sanamalize kugula njinga

Imani pa maroboti alionse a mu Great East Road mumzinda wa Lusaka cha m'ma 5 koloko madzulo, muyang'ane njinga zamoto zimene zikudzipanikiza pakati pa maminibasi kuti zikaime kutsogolo. Pali anyamata a mabokosi kumbuyo operekera chakudya ndi katundu, pali alonda a makampani, pali ena onyamula anthu kulowa nawo m'makomboni. Ambiri chisoti ali nacho, zimenezo tivomereze. Koma suzumirani kunsi kwa chibwano: lamba akungolendewera. Wina wachikankhira kunkhongo kuti mphepo imupite pamphumi, foni waipana pakati pa khutu ndi chisoti. Wina wachikoleka pachigongono. Manja ali pamtunda, thalauzi ndi la jinzi yopyapyala, kuphazi kuli patapata. Mayi amene akhala kumbuyo kumutu kwawo kuli duku yokha, ndipo nsonga ya chitenge chawo ikunyambita masipoko.

Anthu amenewa avalira apolisi, avalira dzuwa, koma palibe amene wavalira phula. Ife tikuti zovala zodzitetezera ndi chiwalo cha njinga, monga alili mabuleki ndi matayala. Galimoto imabwera ndi denga, zitseko, lamba ndi zitsulo zimene zimaphwanyika m'malo mwa munthu. Njinga imabwera yopanda zonsezo, ndipo chimene chimakumana ndi msewu ndi thupi la wokwerayo. Choncho mtengo wa njinga sunathere pa risiti ya kusitolo. Wogula njinga osagula zovala wagula theka, ndipo theka linalo adzalipira ndi khungu, lake kapena la mnyamata amene wamulemba ntchito.

Tiyambe ndi zimene zimachitika munthu akagwa, chifukwa ambiri amadzinamiza ndi mawu akuti "sindithamanga" kapena "ndingofika apa pa msika". Pa liwiro la makilomita 50 pa ola thupi limadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi iliyonse. Kuwomba chinthu choima pa liwiro limenelo, kaya ndi kumbuyo kwa thiraki kaya mzati wa magetsi, kukufanana ndi kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10, nyumba ya nsanjika zitatu. Pa makilomita 30 pa ola, liwiro limene timati n'kuyenda pang'onopang'ono mu Matero kapena mu Chawama, kukufanana ndi kugwa kuchokera pa mamita atatu ndi theka, padenga la nyumba. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomenyera thupi imawirikiza kanayi. Ndipo ulendo waufupi wam'tauni ndi umene uli ndi mphambano zambiri, minibasi yoima mwadzidzidzi kuti itole munthu, chitseko chotsegulidwa osayang'ana, mchenga wokokoloka ndi mvula pakona, galu, mwana wothamangira mpira. Tsoka silinunkha, ndipo woyendetsa waluso amagwetsedwa ndi kulakwa kwa ena.

Kugwa kumavulaza m'njira ziwiri, ndipo chovala chabwino chiyenera kulimbana ndi zonse ziwiri. Yoyamba ndi kumenyeka: mutu, phewa, chigongono, bondo kugunda pansi kapena pagalimoto. Yachiwiri ndi kukhwekhwerezeka. Wogwa pa makilomita 50 pa ola amaseseleka paphula mamita 15 kapena 20 asanaime, masekondi awiri kapena atatu. Jinzi wamba imabooka sekondi imodzi isanakwane. Nthawi yotsalayo msewu ukupala khungu, kenako mnofu, ndipo pamene fupa lili pafupi, monga pabondo ndi pakakolo, umafika pafupa. Chilonda chotero chimadzaza mchenga ndi timiyala, ndipo kuchipatala amayenera kuchitsuka mopala kuti dothi lonse lichoke. Chikakula amachita kusenda khungu pantchafu kuti amatepo. Anthu amati "angosupuka", koma kusupuka kumeneko kumagoneka munthu masabata.

Tsono chisoti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likunena kwa zaka zambiri kuti chisoti chabwino, chovalidwa bwino, chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 40 peresenti, ndipo cha kuvulala koopsa m'mutu ndi pafupifupi 70 peresenti. Lamulo la pamsewu la dziko lino la Zambia limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera kumbuyo onse avale. Koma mawu awiri aja, "chabwino" ndi "chovalidwa bwino", ndi pamene Lusaka akugwera.

Ambiri amaganiza kuti chimene chimateteza ndi chigoba cholimba chakunja. Chigobacho chili ndi ntchito yake: chimaletsa chinthu chosongoka kuboola, chimamwaza mphamvu kuti isagwere pamalo amodzi, ndipo chimaseseleka paphula m'malo mokodwa. Koma chimene chimapulumutsa ubongo chili mkati, chinthu choyera chopepuka chofanana ndi chija chimabwera m'makatoni a TV ndi mafiriji, chochindikala masentimita atatu kapena anayi. Ubongo ndi wofewa ngati papaya wakupsa, ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza. Mutu ukaima mwadzidzidzi, ubongo umapitirira n'kukawomba chigaza mkati, mitsempha n'kuduka, magazi n'kuyamba kudzadza pamalo opanda potulukira. Choyeracho chimaphwanyika pang'onopang'ono kuti mutu usaime kamodzi n'kamodzi. Chikaphwanyika sichibwereranso. N'chifukwa chake chisoti chimagwira ntchito pa ngozi imodzi yokha, ngakhale kunja kukuoneka kowala ngati chatsopano.

Zisoti zambiri zotsika mtengo zilibe choyeracho, kapena chilimo chopyapyala ngati chikuto cha buku. Musanapereke ndalama, tukulani nsalu yam'kati mudinize ndi chala chachikulu. Choyera chenicheni n'cholimba, sichilowa msanga. Ngati chala chikupyola siponji n'kukafika papulasitiki, chimenecho ndi beseni, chisiyeni. Chinyamuleni m'manja: chisoti chenicheni chotseka nkhope yonse chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chopepuka ngati mbale muchikayikire. Finyani m'mbali ndi manja awiri. Chikamapindika mosavuta n'chachabe. Kenako funani kansalu kosokerera palamba. Pa chisoti choyesedwa pa muyezo wa United Nations wotchedwa ECE 22 pamakhala chilembo E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira, ndiye nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06, ndi chilembo china pambuyo pake. P akutanthauza kuti chotchinga chibwano chinayesedwa, J ndi chisoti chopanda chotchinga chibwano, NP ndi chimene chili ndi chotchinga chibwano chongooneka koma chosateteza. Kapepala komata kunja kolembedwa DOT, chizindikiro cha muyezo wa ku America, pakokha musakadalire, chifukwa aliyense akhoza kusindikiza n'kumata.

Chisoti cha omanga nyumba kapena cha kumigodi si cha panjinga. Chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba, sichiphimba m'mbali ndi kunkhongo, ndipo chimauluka munthu asanafike pansi. Chisoti cha njinga yakapalasa nachonso ayi. Pakati pa chotseka nkhope yonse ndi chotsegula kumaso, ife tikuti gulani chotseka. Munthu akagwa chakutsogolo chimayamba kufika pansi ndi chibwano, ndipo nsagwada yothyoka amaimanga ndi mawaya, mwini wake n'kumamwa phala la madzimadzi kwa mwezi ndi kuposa. Mano samera kawiri kwa munthu wamkulu.

Kukula kwake muyeze, musangoyerekeza. Tengani tepi ya telala muzungulize mutu masentimita awiri pamwamba pa nsidze, kudutsa pamwamba pa makutu. Kawirikawiri masentimita 55 mpaka 56 ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, 61 mpaka 62 ndi XL, ngakhale makampani amasiyanako pang'ono. Chisoti chokwana chimavuta pang'ono kulowa, chimagwira masaya, ndipo mukachigwedeza ndi manja khungu la pamphumi limayenda nacho limodzi. Chikamazungulira chokha mutu uli phee, n'chachikulu. Mangani lamba mpaka pakati pa lamba ndi khosi pazingolowa zala ziwiri. Ndiye weramitsani mutu, mnzanu agwire kumbuyo kwa chisoti akokere kutsogolo ndi mphamvu. Chikavuka pamenepo, chidzavukanso pangozi.

Nkhani ya lamba tiibwereze, chifukwa ndi yaulere ndipo ndi imene anthu ambiri akuinyalanyaza. Pa ngozi zambiri thupi limagunda kawiri: koyamba pagalimoto, kachiwiri pansi. Chisoti chosamanga chimachoka pa kugunda koyamba, mutu n'kukafika paphula kapena pasimenti ya ngalande uli wokha. Amene amafika pamalo a ngozi amachipeza chili uko, chabwinobwino, mwini wake ali kuno akutuluka magazi m'khutu. Kumanga lamba kumatenga masekondi asanu.

Chisoti chimafunanso kusamalidwa. Petulo, thina ndi penti wopopera zimafooketsa chigoba ndipo zimasungunula choyera chija, choncho musachipente, musachipukute ndi petulo, musachikhazike pakamwa pa thanki. Musachikoleke pagalasi loonera kumbuyo, chifukwa nsonga ya galasi imaboola choyeracho mkati pamene simuona. Musachiboole kuti mulowetse mphepo. Opanga ambiri amati chisinthidwe pakatha zaka zisanu, ndipo chovalidwa tsiku ndi tsiku padzuwa la kuno chimatopa msanga. Galasi lakutsogolo litsukeni ndi madzi, sopo ndi kansalu kofewa. Mukalipukuta louma ndi fumbi la mu Ogasiti limakalika, ndipo usiku mikwingwirimayo imamwaza kuwala kwa magalimoto mpaka osaona. Galasi lakuda ndi la masana okha. Kuyenda galasi lili m'mwamba nthawi ya inswa kapena kumbuyo kwa thiraki ya miyala n'kupereka diso.

Tinenenso zoona zake, chisoti si chithumwa. Poyesa amachigwetsa pa liwiro losafika makilomita 30 pa ola. Zimenezo zimakwanira pa kugwa kofala kwambiri, kuchoka pachishalo kukafika pansi, ngakhale njinga inali kuthamanga, popeza liwiro lotsalalo limathera m'kuseseleka. Koma kuwomba thiraki maso ndi maso pa makilomita 80 pa ola mu Kafue Road, palibe chisoti chimene chinapangidwira zimenezo.

Pambuyo pa mutu pamabwera manja. Munthu aliyense akamagwa amatsogoza zikhatho asanaganize n'komwe. Chikhatho chopanda kanthu chimakodwa paphula, khungu limatsala pomwepo, ndipo mphamvu yonse imakathera pamfundo ya dzanja. Pamenepo, kunsi kwa chala chachikulu, pali kafupa kakang'ono kamene kamathyoka kawirikawiri, nthawi zina sikaoneka pa X-ray yoyamba, ndipo kamachedwa kulumikizana chifukwa magazi amafikako pang'ono. Woyendetsa wopanda zikhatho sangafinye kilachi, sangagwire buleki, sangateme nsima, sangadzisambitse yekha. Magolovesi oyenera ndi achikopa pachikhatho, makamaka chophatikiza kawiri, ophimba zala zonse, okhala ndi chomangira pamfundo ya dzanja. Mukavala mumange, ndiye mukoke kunsonga za zala; akavuka, adzavukanso paphula. A ubweya a mu Juni ndi oletsa kuzizira basi. Oduka zala amasiya poyera malo omwewo amene amapalika. Amene ndalama sizinakwane, magolovesi achikopa a kuntchito okwana bwino m'manja aposa kukhala opanda, malinga asakhale aakulu ngati a owotcherera zitsulo, amene amalepheretsa kumva buleki.

Kuphazi nkhani yake ndi kulemera. Njinga zofala mumzinda muno, za mtundu wa Boxer ndi zinzake, zimapitirira makilogalamu 100 zisanasenze katundu, ndipo ikagwa chammbali imagwera pakakolo n'kulikoka. Nsapato yoyenera imapitirira akakolo, ili ndi chidendene cholimba ndi pansi posapindika. Igwireni kuchala ndi kuchidendene muipotoze ngati mukufinya chovala. Ikapotoka mosavuta, phazi lidzapotokanso momwemo. Jombo zazitali za kuntchito zimene zimapezeka kumsika wa Kamwala zimathandiza ndithu. Zingwe zake muzilowetse mkati, chifukwa chingwe chikakodwa pa giya kumanzere kapena pa buleki kumanja, mumafika pa maroboti phazi n'kukana kutsika. Jombo za mphira za mvula zimavuka ndipo sizigwira akakolo. Za patapata sitichulukitsa mawu: zala za kuphazi zimadukira pamenepo.

Miyendo ndi imene imavulala kawirikawiri kwa okwera njinga zamoto, chifukwa bampala ya galimoto ili pa msinkhu wa msongolo. Apa tisanamizane, palibe thalauzi limene lingaletse msongolo kuthyoka galimoto ikakuwombani chammbali. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa fupa lothyokera mkati khungu lili lotseka, ndi fupa lotulukira kunja m'matope a mu Kanyama nthawi ya dzinja. Loyambalo amalimanga n'kudikira. Lachiwirilo limalowa tizilombo, limafuna maopaleshoni angapo, ndipo nthawi zina mwendo umathera kudulidwa. Thalauzi la okwera njinga, lokhala ndi nsalu yolimba kwambiri ya Kevlar mkati ndi zotetezera pabondo ndi m'chiuno, ndilo labwino. Likasowa, zotetezera mawondo ndi misongolo zomanga ndi malamba pamwamba pa thalauzi lochindikala zimagwira ntchito, ndipo mukafika mumavula n'kuika m'bokosi.

Jekete likhale la chikopa chochindikala kuposa milimita imodzi, kapena la nsalu yolimba monga Cordura, lokhala ndi zotetezera m'mapewa, m'zigongono ndi kumsana. Pa majekete oyesedwa ku Ulaya pamalembedwa EN 17092 ndi zilembo A, AA kapena AAA. Zilembo zikachuluka ndiye kuti limapirira kwambiri, ndipo A kapena AA n'lokwanira m'tauni. Pa zotetezerazo pamalembedwa EN 1621 ndi nambala 1 kapena 2, ndipo 2 ndiyo imamwa mphamvu yambiri. Jekete lachikopa la fashoni n'lopyapyala, limang'ambika m'misoko. Likhale lokugwirani: pindani mkono, chotetezera chikhale pachigongono penipeni, chisasunthike mukachikankha. Zipi itsekedwe mpaka pamwamba, pakuti jekete lotsegula limakwinyikira kukhwapa mukamaseseleka, mimba ndi msana n'kukhala paphula. Pewani kuyenda ndi malaya a mpira kapena thirakisuti yopyapyala ya nayiloni yokha. Kukhulana ndi msewu kumatentha, nsalu zimenezo zimasungunukira m'chilonda. Ndipo m'matumba musaike makiyi, sipanala kapena sikuludiraiva. Mukazigwera zimalowa m'ntchafu.

Apa salaula, zovala zogwiritsidwapo kale ntchito, ndi bwenzi. M'mabelo mumatuluka majekete enieni a okwera njinga, mathalauzi, jombo ndi magolovesi, ndipo amene amadziwa chofuna amazipeza ku Soweto ndi m'misika ina pa mtengo wofikirika. Onani misoko ngati ili yophatikiza ndi yosaduka, zipi ngati ikugwira, ndipo pisani m'timatumba ta m'mapewa ndi m'zigongono muone ngati zotetezera zilimo ndipo sizinafumbutuke. Chinthu chimodzi chokha musagule chakale: chisoti. Jekete limaonetsa mabala ake, chisoti chimabisa.

Chodandaula chachikulu ndi kutentha, ndipo n'choona. Amene anaimapo pa maroboti a mu Lumumba Road masana a mu Okutobala, injini ikuwotcha m'miyendo, utsi wa mathiraki uli kumaso, sangaseke munthu wovula jekete. Koma yankho si kuvula. Alipo majekete a nsalu ya maukonde, olimba m'mapewa ndi m'zigongono koma olowa mphepo pachifuwa ndi kumsana. Njinga ikangoyenda thupi limazizira. Sankhani la mtundu wowala, osati lakuda. Nyowetsani kansalu mukulunge m'khosi, nsonga zake mulowetse m'jekete. Tsegulani timabowo ta mphepo ta pachisoti, timene ambiri sadziwa n'komwe kuti timatseguka. Imwani madzi nthawi iliyonse mukaima. Khungu lokhala pamtunda tsiku lonse padzuwa ndi mphepo limauma msanga, munthu n'kutopa, ndipo wotopa amachedwa kugwira buleki. M'dzinja chovala cha mvula chikhale pamwamba pa jekete, osati m'malo mwake, ndipo chikhale cha malaya ndi thalauzi. Chija chonga chinsalu chokupiza chimakodwa m'tayala. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi zala zozizira zimauma, n'chifukwa china chovalira magolovesi.

Tsopano inu amayi ndi abambo okwera kumbuyo. Wokwera kumbuyo saona ngozi ikubwera, sagwira chiwongolero, ndipo ndi amene amaponyedwa kutali. Komabe ndi amene kawirikawiri alibe chisoti. Zifukwa timazidziwa: tsitsi langomangidwa kumene, chisoti chanunkha thukuta la anthu ena, mantha a zipere ndi nsabwe. Si zifukwa zopusa, ndipo zili ndi mankhwala ake. Duku yopyapyala kapena kachipewa kansalu pansi pa chisoti zimathetsa nkhani ya ukhondo, malinga mfundo ya duku isakhale mkati. Woyendetsa wonyamula anthu akhale ndi chisoti chachiwiri chenicheni, nsalu yake yam'kati azichotsa n'kuchapa ndi sopo kamodzi pa sabata. Amene mumakwera njinga tsiku lililonse popita kuntchito, gulani chanu. Tsitsi lomangidwa mfundo yaikulu pamwamba limaletsa chisoti kukhala pamutu. Limasuleni ligwere kumbuyo. Ndipo musachite manyazi kufunsa kuti, "Bambo, chisoti changa chili kuti?" Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Okwera akayamba kukana njinga yopanda chisoti chachiwiri, oyendetsa adzagula sabata yomweyo.

Chitenge, siketi yaitali, mpango ndi lamba wa chikwama ndi zoopsa pafupi ndi tcheni ndi masipoko. Nsonga ikangokodwa, tayala limakulunga nsalu yonse m'kanthawi kochepa, limamukokera munthu pansi kapena kumumanga pakhosi, tayalalo n'kuima njinga ili paliwiro. Kulungani chitenge muchipane pakati pa miyendo, kapena valani thalauzi mkati. Khalani chotang'adza, mapazi onse pa zopondera. Wokhala chammbali alibe chogwirira njinga ikakhota. Kwerani ndi kutsikira kumanzere, chifukwa pa njinga zambiri paipi ya utsi ili kumanja ndipo imawotcha katumba pa kukhudza kamodzi kokha. Mukapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati mankhwala otsukira mano, mafuta kapena dzira.

Za ana tilankhule mosapsatira. Chisoti cha munthu wamkulu pamutu pa mwana chimavuka, ndipo kulemera kwake kumapweteka khosi lanthete. Mwana amene mapazi ake safika pa zopondera sanafike pokwera njinga yamoto. Mwana wokhazikidwa pathanki ndi amene amayamba kuwomba, wamkulu n'kumuphwanyira kumbuyo. Khanda la kumsana lilibe chitetezo chilichonse, ndipo mayi akagwa chagada amaligwera. Tikudziwa kuti m'makomboni ena minibasi sifika ndipo chipatala chili kutali, koma ulendo wa sukulu wa tsiku ndi tsiku wa ana atatu panjinga imodzi suyenera kuzolowereka.

Kuoneka nakonso ndi chovala. Mawu amene woyendetsa galimoto amanena akagunda njinga ndi amodzimodzi: sindinamuone. Magetsi akazima, monga tinazolowera m'chilala cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, nyali za mumsewu ndi maroboti zimazima limodzi, ndipo munthu wovala zakuda panjinga ya nyali yofooka saoneka mpaka atafika pabampala. Kajekete konyezimira n'kotsika mtengo kuposa china chilichonse tatchula. Kavalidwe pamwamba pa zonse, kamangidwe kutsogolo, kachapidwe, chifukwa mizere yake ikadzaza fumbi siwala. Amene mumasenza bokosi kumbuyo, dziwani kuti bokosilo limabisa msana wanu. Matani mizere yonyezimira pabokosi penipenipo, kumbuyo ndi m'mbali. Nyali yakutsogolo iyake ngakhale masana. Koma kajekete konyezimira sikateteza khungu. N'kothandiza kuti muoneke basi.

Nanga ndalama? Zonsezi pamodzi si zotsika mtengo kwa mnyamata amene tsiku lililonse ayenera kupereka kashing'i kwa mwini njinga asanaone yake ya ndiwo. Apa ndi pamene tikuloza chala kwa abwana eni njinga ndi makampani operekera katundu. Inu ndi amene mumapindula ndi liwiro la mnyamatayo, ndinu mumamuimbira kuti kasitomala akudikira. Simungamupatse njinga yopanda mabuleki. Musamupatsenso yopanda zisoti ziwiri, magolovesi, jekete ndi jombo. Kampani imene imakwanitsa kusindikiza dzina lake pabokosi ndi pamalaya ingakwanitse kuika zotetezera m'malayamo. Kudula mtengo wa zovalazo pa malipiro a wantchito n'kumulipiritsa chida cha ntchito yanu. Kwa amene njinga ndi yake ndipo akugula pang'onopang'ono, ndondomeko yake ikhale iyi: chisoti tsiku lomwelo logula njinga, magolovesi ndi kajekete konyezimira sabata yomweyo, kenako jombo, kenako jekete, kenako za m'mawondo. Sipika, nyali zamitundumitundu ndi zomata zokongoletsa zidikire. Ndipo powerengera, ikani mbali inayo: msongolo wothyoka umatenga miyezi itatu kapena kuposa, njinga ili chiimire, lendi ikuwerengedwa, mkazi kapena mayi asiya malonda awo kuti akadikirire wodwala kuchipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa. Wovulala ubongo akapulumuka nthawi zina amabwerera kunyumba ali munthu wina, woiwala, waukali, wakugwa khunyu, wofuna kusamalidwa moyo wake wonse.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Apolisi a pamsewu ndi a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, akaimitsa njinga, asakhutire poona chinthu chozungulira pamutu. Ayang'ane lamba, ayang'ane wokwera kumbuyo. Chisoti chosamanga chiwerengedwe ngati palibe. Mabungwe oona za miyezo ya katundu, ZABS ndi ZCSA, aonetsetse kuti mabeseni otchedwa zisoti asamadutse pa Nakonde, Chirundu, Kazungula ndi Mwami, chifukwa munthu wosauka amene wagula chabodza wataya ndalama ndipo akuyenda ndi chikhulupiriro chonama, chimene chimamulimbitsa mtima kuthamanga. Ogulitsa njinga zatsopano akakamizidwe kugulitsa iliyonse pamodzi ndi zisoti ziwiri zoyesedwa, zosankhidwa pa mutu wa wogula. Ndipo msonkho wa zovala zotetezera ukanatsitsidwa, ndalama imene boma lingataye pamenepo ingabwerere pa mabedi a m'zipatala.

Chotsala ndi chimene tonse timachita ngozi ikachitika, pakuti pamenepo anthu abwino mtima amawononga zimene chisoti chapulumutsa. Khamu limathamangira kuvula chisoti, kumudzutsa munthu, kumumwetsa madzi, kumunyamula manja ndi miyendo n'kumuponya m'galimoto. Wogwa panjinga muzimuyesa wothyoka khosi mpaka achipatala atanena kuti ayi. Yambani mwaimitsa magalimoto ndi kuzimitsa injini ya njinga. Ngati akupuma, chisoti chisiyeni. Tsegulani galasi lokha, mmodzi agwade kumutu agwire chisoti ndi manja awiri kuti mutu usagwedezeke, mumulankhule. Chivulidwe pokhapokha ngati sakupuma kapena akutsamwa ndi masanzi kapena magazi, ndipo achite anthu awiri: wina agwire nsagwada ndi kunkhongo, wina amasule lamba, atanule chisoti m'mbali n'kuchikoka pang'onopang'ono molunjika. Pamene pakutuluka magazi dinikizani ndi nsalu yoyera. Musamupatse chakumwa kapena chakudya, chifukwa mwina akufunika opaleshoni. Pomunyamula, mutu, khosi ndi msana ziyende ngati thabwa limodzi.

Amene wadzuka yekha n'kunena kuti ali bwino apitebe kuchipatala ngati mutu unagunda. Magazi otayikira mkati mwa chigaza nthawi zina amamusiya munthu akuyenda ndi kulankhula kwa maola angapo asanakomoke. Mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza, tulo tosadzutsika, kusokonezeka, madzi kapena magazi otuluka m'khutu kapena m'mphuno, mbali imodzi ya thupi kufooka: zimenezi si zodikira kuti kuche. Usiku woyamba asagone yekha. Zilonda za paphula zitsukidwe ndi madzi ambiri oyera, ndipo afunse za jakisoni wa kafumbata. Chisoti chimene anagwa nacho apite nacho, chifukwa pamene chakalika pamauza dokotala pamene mutu unagunda. Akabwera nacho kunyumba, tengani mpeni mudule lamba wake musanachitaye, kuti wina asachitole n'kukachigulitsa pamsika.